Maswiti a Dongo

Chitini chinagwa pamene amtengatenga ankachikweza m'ngolo ya sitima. Sichinachokere patali. Chinangoterereka paphewa la munthu amene miyendo yake inkanjenjemera ndi njala, n'kumenya njanji ndi ngodya, chivindikiro n'kung'ambika. Anthu amene ankagona m'mithunzi ya pa siteshoni ya Nsanje anadzambatuka onse pamodzi, pakuti panalibe amene sankadziwa kuti m'zitini za Sinyoro Sebastiano mumakhala maswiti a chitowe ndi mtedza. Chinali chaka cha 1922, mvula itakana, mapira atapserera asanabereke. Analimbirana pafumbi, ena akukwawa pakati pa miyendo ya anzawo. Oyambirira ochepa anatafuna n'kumeza. Otsatira onse analavula, chifukwa chimene analuma chinali dongo.

Kopolo Elisha anafika dzuwa lili paliwombo, sitima itapita kale, zitini zonse itazisiya pansi. Anali wapolisi wa pa boma, munthu wa kwa Mbenje, wamtali, wosakonda zolankhulalankhula chibwerereni kunkhondo ya Majeremani. Anapeza Sebastiano atakhala pa chitini china, chipewa chili m'manja, thukuta likutsikira m'ndevu. Mmwenye wa ku Goa ameneyu anali atakhala zaka zambiri m'chigwa cha Shire, ndipo Chimang'anja ankachilankhula mothamanga, akumeza mawu ena.

Sanadikire kufunsidwa. Anafotokoza kuti chaka chapitacho wophika wa m'sitima ya panyanja anatenga maswiti ochepa kupita nawo ku Durban, ndipo mwini sitolo wina wa kumeneko atalawa anati Amwenye odula nzimbe m'dziko limenelo adzawagula ngati mchere, poti akuwakumbutsa kwawo. Anapangana kuti katundu woyamba akafika bwino, azitumiza mwezi ndi mwezi, kenaka adzayese ku Mombasa ndi ku Bombay, kumene sitima zomwezo zimaima. Sebastiano anagula shuga kutsidya la Zambezi, anaunjika chitowe ndi mtedza chilala chisanalume, analemba amayi ntchito yokazinga, kusinja ndi kuphika. Zonse zimene anali nazo padziko zinali m'zitini zimenezi.

"Sitima ya ku Beira sidikira munthu, Kopolo," anatero. "Ndipezereni maswiti anga. Wakubayo mukhale naye inu, ine ndilibe naye ntchito. Maswiti akapezeka, tiwotcherera zitini zina, tikweza m'sitima yotsatira. Akapanda kupezeka, moto wa kukhitchini kwanga suyakanso."

Elisha anamuuza kuti atsegule zitini zina. Poyamba Sebastiano anakana, kenaka anatenga mpeni yekha. Chilichonse chinali chimodzimodzi. Mizere iwiri yapamwamba inali maswiti enieni, ofiirira, onunkhira. Pansi pake ponse panali zidutswa za dongo, zokulunga m'masamba ouma a nthochi, zomanga ndi luzi mofanana ndi zinzake.

Elisha anamasula chimodzi. Silinali thope la pagombe lofumbata mothamanga. Linali dongo loumbira mbiya, lopondedwa bwino, losakaniza ndi mapale osinja, loumitsa pamthunzi kuti lisang'ambike. Woumbayo anali atayesa ngakhale kulemera kwake. Anachitembenuza. Pangodya panali podinda chala chachikulu, ndipo pakati pa chidindocho panadutsa kamzere kopingasa. Anamasula china, ndi chinanso. Kamzere kanali pomwepo.

Sebastiano anafunsa ngati waona kanthu. Elisha anayankha kuti waona dongo. Anaika chidutswa chimodzi m'thumba la malaya, ndipo dzanja lake linakhala momwemo nthawi yaitali, pakuti chala chimenecho ankachidziwa.

* * *

Anayamba ndi Lorenso, ngakhale mtima unkaloza kwina. Munthu akamaopa njira ina amayamba wazungulira zonse. Lorenso anali mmisiri wowotcherera zitini, Msena wokalamba amene anawoloka Zambezi pothawa nkhondo ya kutsidya, wopanda mkazi, wopanda munda. Ankagwira ntchito pansi pa mtengo wa bwemba kuseri kwa sitolo ya Sebastiano. Tsiku limenelo mbaula yake inali yozizira. Ataona yunifolomu anaimirira, anavula chipewa, n'kutambasula manja onse awiri ataphatikiza.

"Ndine, mbuya. Mangani."

Elisha anamuuza kuti akhale pansi afotokoze bwino. Lorenso anafotokoza mwachangu ngati munthu woloweza katekisimu. Anati ankatsegula zitini anthu atachoka, kukhuthula maswiti, kudzaza dothi, n'kuwotchereranso. Atafunsidwa kumene ankatenga dothilo, analoza kumtsinje. Atafunsidwa mmene ankaliikira, anaonetsa ndi manja ngati akutapa ufa m'dengu. Maswitiwo anati anadya onse yekha.

Elisha anayang'ana nthiti za nkhalambayo, zimene zinkaonekera m'zibowo za malaya. Ku siteshoni anali ataona kale kuti chivindikiro chilichonse chinawotchereredwa kamodzi kokha, mzere wosalala wopanda chigamba. Anamuuza Lorenso zimenezo. Anamuuzanso kuti dongolo linali loumba ndi lokulunga, osati lothira, ndipo munthu amene wadya shuga wochuluka chotere saoneka mmene iye akuonekera.

Nkhalamba ija inatsitsa manja pang'onopang'ono. Inavomera kuti zitini zinkafika pa bwemba zili zodzaza kale, ndipo iyo inkangoona mzere wapamwamba n'kutseka. Elisha atafunsa chifukwa chodzinamizira mlandu, Lorenso anaponya maso cha ku boma.

"Kundende amadya kawiri pa tsiku, mbuya. Wandiuza mnzanga amene watuluka, ndipo akudandaula kuti amutulutsa msanga. Kuno ntchito nkhabe tsopano, yatheratu. Anthu akukumba mizu ya nyika m'dambo, koma ine mano oti n'kutafunira ndilibe, mphamvu zothawa ng'ona ndilibe. Inu mukusowa wakuba, ine ndikusowa phala. Chavuta n'chiyani?"

Elisha anafunsa amene ankadzaza zitini. Lorenso anati akafunse a Jesinta kukhitchini, koma akonzekeretu, chifukwa nawonso akumudikira ndi mlandu womwewo m'manja.

* * *

Khitchini inali chisakasa chachitali chaudzu, chokhala ndi miphika ikuluikulu yachitsulo pamafuwa. Phulusa linali litazizira, koma fungo la shuga wopserera linali likadali m'denga. Amayi anali atakhala pansi motsamira mizati, ngakhale ntchito panalibe. Malipiro awo anali mbale ya mapira madzulo alionse ndi zokanda za m'miphika, ndipo m'midzi yozungulira Nsanje munali ana ambiri amene ankapumabe chifukwa cha mbale imeneyo. Elisha anawayang'ana mmodzimmodzi. Munthu amene iye ankaopa kumupeza pamenepo panalibe.

Jesinta anali kapitawo wa amayiwo, munthu wa mawu amphamvu ndi kolona m'khosi, amene khungu la m'mikono linkalendewera posonyeza kuti kale anali wathupi. Anaimirira n'kunena mokweza kuti wakuba ndi iye, ndipo za Lorenso asazimvere, poti nkhalamba ija sidziwa ngakhale kumanga luzi. Nkhani yake inali yolongosoka. Ankadziwa kuti dongo linali lokulunga, ankadziwa za mizere iwiri yapamwamba. Anati ankaumbira kunyumba, kubwera nazo zidutswa atabisa m'nsalu, n'kusinthanitsa m'kachipinda kolongedzera, mmene mwini wake sankalowamo chifukwa cha kutentha.

Elisha anapempha kuti amubweretsere dongo lomatira mafuwa ndi madzi pang'ono. Anaika pamaso pa Jesinta n'kumuuza kuti aumbe chimodzi. Mayiyo anaumba, koma manja ake anali ozolowera mthiko ndi musi. Chidutswa chinatuluka chonenepa mbali imodzi, m'mphepete mukung'ambika chikadali chachiwisi. Podinda chala panali posalala. Elisha anatulutsa cha m'thumba chija n'kuchiika pambali pake. Amayi ena anasuzumira, kenaka onse anayang'ana pansi.

Jesinta anapukuta manja m'nsalu. Mawu ake anatsika. Anavomera kuti sanabe, koma ankadziwa. Anaona kalekale kuti zitini zikudzaza msanga kuposa mmene miphika inkatulutsira, ndipo tsiku lina anagwira chidutswa chozizira pakati pa zofunda. Anasunga pakamwa. Iye ndi anzake awiri amene anawanong'oneza ankaganiza kuti zitini zikatsegulidwa kutsidya la nyanja, ndipo pofika mbiri kuno mvula idzakhala itagwa. Sankaganiza za phewa la mtengatenga.

Elisha anafunsa amene ankakhala m'kachipinda kolongedzera.

"Mukufunsa zimene mukudziwa, a Kopolo. Munayamwa naye bere limodzi."

Jesinta anayandikira, nalankhula kuti Elisha amve yekha. Anati kunyumba ali ndi mwamuna wakhungu ndi adzukulu amasiye. Akalowa m'ndende atha kumasiya theka la chakudya n'kumapatsira pampanda, monga amachitira ena. Nkhani yake inali yokwana kuti mzungu aikhulupirire, dongo la m'thumbalo litangotayidwa mu Shire.

"Ana a Evelesi, mlongo wanuyo, adya kale shuga, ife tikungonunkhiza," anatero. "Watizimitsira moto tonsefe. Ndiye za kundendenso adye yemweyo?"

* * *

Mzungu wa pa boma anamva nkhaniyo akudzipepeza ndi chipewa. Za kumene maswiti anapita sanafunse. Anati ndende yadzaza, ndipo wamva kuti anthu ayamba kudzinamizira milandu. Akufuna wakuba mmodzi, weniweniyo. Wina aliyense wobwera ndi bodza alandira chikoti n'kubwerera kwawo.

M'mawa mwake Elisha analowera kudooko kumene mabwato opita kwa Nyachikadza amakocheza. Evelesi anali mlongo wake wamng'ono. Mwamuna wake anapita kumigodi ya ku Halale ndipo mbiri yake inathera komweko. Mwamwambo ana a Evelesi anali mbumba ya Elisha, ndiye ankayenera kuwayang'anira. Koma njala itayamba abale a mkazi wake anadzaza nyumba ya kupolisi, ndipo phoso la kopolo linkatha lisanafike pakati pa mlungu. Ndiye anakapempha Sebastiano kuti amulembe ntchito mlongo wake, ndipo kuyambira pamenepo ankadutsa njira ya kumtunda popewa kuonana naye.

Msasa wa Evelesi unali kumapeto, pafupi ndi bango. Kunja kunali mbiya zatsopano zogadamira, zosagulidwa, poti mbiya amagula ndi amene ali ndi choikamo. Pansi ponse panali masamba a nthochi onyambitidwa mpaka kuyera, nyerere zitapanga mizere. Justina, mwana wamkulu, ankapala nyika ndi chigoba cha nkhono. Evelesi anali atakhala pakhomo, khanda lili pabere. Khandalo linkayamwa, kuleka, kulira mopanda mawu, n'kuyamwanso.

"Mwachedwa, achimwene. Ndimakudikirani dzulo."

Elisha anakhala pa mtondo wogadama. Anatulutsa chidutswa chija n'kuchiika pansi pakati pawo. Evelesi anachiyang'ana, kenaka anayang'ana chala chake, pamene bango linamucheka ali wamng'ono kwa Mbenje, tsiku limene Elisha anamubereka kumbuyo kuchokera kudambo. Anaseka pang'ono, osaonetsa mano. Anati ankasamala ngodya, kulemera ndi luzi, koma za chala sanaganizeko.

Anafotokoza osakweza mawu. Anati anayamba kutenga maswiti atangoika m'manda Leonard, mwana wake wapakati. Elisha anabwera pamaliropo, anaima kumbuyo, anachoka msanga chifukwa cha ntchito. Evelesi anabwerera m'kachipinda kolongedzera, kumene tsiku lonse ankakulunga zotsekemera zopita kwa anthu amene sadzawaona, akuti ena azikadya poyenda, ena popatsa ana awo akalira. Mbale ya mapira sinkakwana. Tsiku loyamba anatenga chimodzi chokha, anagawa pakati, theka Justina, theka kusungunula m'madzi n'kudontheza m'kamwa mwa khanda. Kenaka ana a m'misasa ina anamva fungo. Ankabwera n'kuima apo, osapempha, kungoyang'ana. Kuwathamangitsa kunamukanika. Chimodzi chinakhala zitatu, zitatu zinakhala mtolo, ndipo poti manja ake sadziwa china koma dongo, anatseka mpata ndi dongo.

Elisha anafunsa ngati patsala kanthu, ngakhale kokwana chitini chimodzi. Evelesi anapukusa mutu. Iye anafufuzabe, monga wapolisi. Anasuzumira m'mbiya iliyonse, anapisa dzanja m'denga, anafunyulula mphasa, anabaya pansi ndi ndodo pamene dothi linkaoneka lofewa. Anapeza masamba okhaokha. Anabwerera pamtondo podziwa kuti za Durban zatha, za mbale ya mapira zatha.

Anamuuza za Lorenso ndi za Jesinta, ndi mawu a mzungu. Evelesi anagwedeza khanda.

"Tengani a Jesinta," anatero. "Anandibisa, ine ndawaphera ntchito. Chimene ndingawabwezere ndi chimenecho. Komanso Justina ndimusiya ndi yani?"

Elisha anatola chidutswa chija. Mtsinje unali pafupi, akanatha kuponya ali chikhalire. Mzungu sakanayang'ana chala cha munthu. Jesinta akanalankhula bwino, adzukulu ake akanapeza kanthu pampanda. Koma Evelesi akanatsala pano wopanda ntchito, m'mudzi mmene aliyense akudziwa amene anazimitsa moto, ndipo khanda limene linkakoka bere louma lija silikanaiona mvula. Elisha ankadziwa kuti mayi woyamwitsa amalowa m'ndende ndi mwana wake, ndipo kuti mayi akadya, mkaka umabwerera. Ankadziwanso kuti wakuba weniweni ndi ameneyu, ndipo lamulo linati weniweniyo. Choona ndi magazi zinkaloza kumodzi, ndipo zimenezo n'zimene zinkamusautsa, pakuti sankatha kudziwa kuti mwa ziwirizo chikumukoka ndi chiti.

Anabweza chidutswa m'thumba. Anati Justina akakhala kunyumba kwake. Sanadziwe kuti akamuuza chiyani mkazi wake, ngakhale malo amene mwanayo akagone. Evelesi anafunsa ngati akunena monga mchimwene kapena monga kopolo. Elisha anamasula chingwe m'chiuno. Evelesi anabereka khanda, anamanga nsalu, anatambasula dzanja limodzi. Elisha anamumanga mosakoka, mfundo yoti ngakhale mwana akanaimasula.

* * *

Njira ya ku boma inkadutsa pa sitolo ya Sebastiano, ndipo ina panalibe. Anayenda Elisha patsogolo, Evelesi pambuyo, Justina kumapeto atasenza kambiya ka nyika. Dzuwa linali litakwera, mchenga ukuwotcha mapazi.

Anapeza Sebastiano akukweza miphika yachitsulo pa ngolo. Mmwenyeyo anayang'ana m'manja mwa Elisha, anayang'ana kumbuyo kwake ngati kukubwera onyamula katundu. Elisha anapukusa mutu. Sebastiano anagwedeza wake pang'onopang'ono. Kwa Evelesi sanaponyeko maso n'komwe. Anangonena kuti maswiti enieni otsala aja sakwana kutumiza kulikonse, ndipo munthu wa ku Durban apeza wina ku Beira kapena ku Quelimane, poti chitowe sichimera m'chigwa chokha. Iye akagulitsa miphika kutsidya la Zambezi n'kukapempha ntchito ya m'sitolo ya mbale wake. Anatembenuka n'kupitiriza kumanga ngolo.

Amayi anali akadali m'chisakasa. Ataona atatuwo anaimirira, ena pogwira mizati, n'kufika m'mbali mwa njira. Lorenso anachokera ku bwemba, anaima patali. Elisha ankayembekeza kutukwana, mwina miyala, ndipo anali atasendera pafupi ndi mlongo wake. Koma palibe anatukwana. Onse ankayang'ana chingwe cha padzanja la Evelesi mmene anthu amayang'anira mnzawo wosenza dengu lodzaza pochokera kumunda. Evelesi anaweramitsa mutu mpaka chibwano kugunda pachifuwa.

Jesinta anali kumapeto kwa mzere. Sanasunthe, moti anachita kumulambalala. Atadutsa analankhula, osakuwa, ngati akuuza anzake nkhani imene onse ankaiyembekezera.

"Magazi ndi magazi. Wakondera mlongo wake."

Elisha anaima. Anafuna kutembenuka kuti anene kuti ndi lamulo, kuti chala ndi cha Evelesi, kuti wina aliyense akanalandira chikoti. Mawuwo anali oona onse, koma anakana kutuluka. Anayang'ana dzuwa, anakoka chingwe pang'ono, n'kuuza mlongo wake kuti akweze mwendo, chifukwa akafika litapendeka apeza akaidi atadya kale.